Khungwa la Mtengo Wokana Mvula

Senderani kuno, musakhale kutali ngati alendo.

Kalekale, mvula ili pakati, mwana mmodzi yekha wa Nachanza anadwala chifuwa mpaka kusiya kuyamwa. Sing'anga wina wakuchigwa, wongodutsa, anati mankhwala ake ndi khungwa la mtengo wakutiwakuti. Koma anautchula m'dzina la kwawo, napitirira ulendo.

Mayi uja anayenda khomo ndi khomo atabereka mwana wotentha ngati mbaula. Dzinalo palibe analidziwa. Anasenda makungwa a mitengo yosiyanasiyana mpaka zala kutuluka magazi, mwana osasintha. Potsiriza anagwada pabwalo nati, "Ndatsala ndi mbuzi imodzi. Wondipezera mtengowu atenge."

Zuze, amene anakhalapo pachikamwini kuchigwako, anati dzinalo analimvapo. Mtengowo sanausunge m'maso, koma anakumbukira kuti ndi waminga, umabala zitheba ngati nyemba, ndipo mbuzi zimadya masamba ake m'chilimwe, mitengo ina yonse itayoyoka.

Anthu anathamangira kankhande poti ali ndi minga. Nankhoma, woweta mbuzi, anawabweza. "Iyayi, abale. Kankhande amabala zipatso. Azitheba ndi banja lawolawo: mthethe, mkunkhu ndi msangu. Funani mwa atatuwa." Koma weniweni mwa iwo sanamudziwe.

Apa n'kuti mwana akupuma mobanika, maso atatembenuka. Nachanza anayamba kulira maliro mwana akadali moyo.

Apo Dzoole wofula njuchi anasendera pafupi. Ming'oma yake ankaipachika m'mitengo yomweyo, choncho ankadziwa kuti msangu ndi wamakani: anzake akavala masamba m'dzinja, iwo umavula, n'kudzavala m'chilimwe. Anati, "Mlongo, mtengo uja mwakhala mukuudutsa kuseri kwa khola lanu, mukuti ngwouma, ndi womwewo." Anausema ndi nkhwangwa, mkati muli muwisi.

Anawiritsa khungwalo, namudonthezera mwana m'kamwa. Mwana anatsokomola, kenaka n'kuyamba kufunafuna bere.

Nachanza anamasula mbuzi ija, naima nayo pakati pa amuna atatuwo, chingwe chili m'manja. Kuipha n'kugawa nyama sakanatha, poti inali ndi bere.

Nkhaniyi musaisiye pano, mukawauzeko anzanu kwanu, ndipo mukawafunse mofatsa: chingwe chija apatsidwe ndani, Zuze amene anafotokoza za mtengo wa dzinalo, Nankhoma amene anadziwa banja la mtengowo, kapena Dzoole amene anauloza?