Kabokosi ka intaneti ka kwa a Kachingwe

Ana inu, aliyense amene anakhalako ku Balaka amawadziwa a Kachingwe, aja okonza mawailesi pafupi ndi msika. Anali munthu wabwino mtima, koma manja awo sankadziwa kukhala. Chinthu chikangotsokomola pang'ono, iwo sikuludiraiva ili kale m'manja. Ine ndinkawakonda, ngakhale wotchi yanga anaitsegula isanadwale.

Mwana wawo wamkazi, Ndaziona, anali atamaliza maphunziro a unamwino. Chipatala china cha kutali chinamuitana ku mayeso a ntchito, koma mayesowo anali oti acheze ndi mabwana pa kanema wa intaneti, Lachinayi 2 koloko masana. Foni kwawoko inkadukaduka, choncho banja linaitanitsa intaneti ya m'nyumba. A kampani anakoka waya Lachitatu, ndipo kabokosi kogawa intaneti, kamene amati rauta, kanafika Lachinayilo cha m'ma 12.

Ndaziona anawerenga kapepala kamene kanali m'katoni. "Ababa, akuti tingolumikiza waya ndi magetsi, kenako tidikire mphindi khumi osakakhudza. Kadzikonza kokha."

"Kudzikonza kokha?" anaseka a Kachingwe. "Zaka makumi atatu ndili pa ntchito imeneyi, sindinaonepo chitsulo chodzikonza chokha. Bwera nako kuno."

Tsono mumve mmene kabokosi kotere kamagwirira ntchito. Kakangoyaka, kamakhala ngati mlendo wofika m'dera lachilendo. Kamatumiza mawu m'waya kufunsa kuti kuli yani kumeneko. Makina a kampani amayankha, n'kukapatsa nambala yake yodziwikira, kenako n'kukatumizira malangizo onse a kagwiridwe ka ntchito. Kakalandira zonsezo kamazima kokha kwa kanthawi, n'kuyakanso kali kokonzeka. Kuzimako ndiye kunawapusitsa a Kachingwe.

Analumikiza. Timagetsi tinaphethira kwa mphindi zinayi, kenako tonse thii!

"Mwaona? Kafa!" anatero. Anatenga singano n'kubaya kabowo ka kumbuyo, kamene kamafufuta zonse. Kabokosi kanaiwala zimene kanalandira, n'kuyambanso kufunsa ngati kafika kumene. Patapita mphindi zinayi kanazimanso, iwo n'kubayanso. Anachita zimenezi kasanu, thukuta lili kamukamu, uku akunyoza anthu opanga zinthu masiku ano.

Nthawi inafika hafu pasiti wanu. Ndaziona anali atavala kale bulauzi yake yoyera, atakhala pampando, misozi ili lengelenge. Kutsutsa bambo ake sakanatha, koma ntchito ankaiona ikumupulumuka. Atawaona akufunafuna sikuludiraiva kuti atsegule kabokosiko, anatembenukira kwa mayi ake.

Mayi ake, Nachisale, ankaonerera zonsezi. Anakhala nawo a Kachingwe zaka zambiri, ndipo ankadziwa kuti kukangana nawo n'kutaya nthawi. Anatulukira ndi lichero lodzaza mtedza wosaswa.

"Bambo a Ndaziona, zala zangazi zikuwawa lero. Tandiswerani mtedzawu pakhondepo, ndiwo zingachedwe. Kabokosiko mukatsegule mukamaliza."

A Kachingwe sankawakanira akazi awo. Anang'ung'udza pang'ono, n'kukhala pakhonde lichero lili pamiyendo. Mvula inali itagwa m'mawa, ndipo pakhoma panali nkhono ikukwera. Mwa chizolowezi chawo anaigogoda ndi chala, iyo n'kubwerera m'chigoba. Anaigogodanso kuti ituluke, koma inangokhala duu. Atatopa nayo anabwerera ku mtedza, manja onse awiri n'kutanganidwa. Posakhalitsa nkhono ija inasuzumira, n'kutulutsa tinyanga take pang'onopang'ono, timaso tili kunsonga. Mkuluyo anaiyang'ana nthawi yaitali, mtedza uli m'manja.

M'nyumba muja kabokosi kanazima monga kale, koma panalibe wokabaya. Kanayakanso kokha, timagetsi tonse tili tobiriwira.

"Ababa! Amayi! Yalowa!" anakuwa Ndaziona. Kunali kutatsala mphindi zisanu ndi ziwiri kuti 2 koloko ikwane.

Makolo awiriwo anakhala pakhonde akumva mwana wawo akuyankha mafunso mkatimo ndi mawu osanjenjemera. Kenako a Kachingwe anati chapansipansi, "Nachisale, kabokosi kaja sikanali kodwala. Ndikanamulanda mwanayu ntchito ndi manja angawa. Nkhono iyi yandionetsa maso ake nditaisiya."

"Swani mtedza, bambo," anayankha Nachisale akumwetulira.

Ndaziona anailowa ntchito ija. Tsiku lonyamuka, bambo ake anamunyamulira chikwama mpaka pa depoti, ndipo aliyense amene anakumana naye m'njira anamufotokozera okha za kupusa kwawo, akuseka. Ena adzakuuzani kuti mawu amene ankamalizira nkhaniyo ndi akalekale, koma ife a ku Balaka timati anachokera pakhonde limenelo: kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tanthauzo lake ndi lakuti pali zinthu zina zimene zimachitika pa nthawi yake, ndipo ukamazikakamiza umangozibweza m'mbuyo. Ukachita mbali yako, lekera pomwepo, udikire. A Kachingwe anali ndi luso ndiponso chikondi pa mwana wawo, koma tsiku limenelo chimene mwanayo ankafuna kwa iwo chinali mphindi khumi zokha za manja okhala pansi.