Theka la Denga la Aphunzitsi a Zachuma

Ife anthu a choko tili ndi matenda athuathu. Tikawerenga mabuku atatu timayamba kuganiza kuti dziko lisanagwedezeke limayamba ladzatifunsa. Matendawa anawagwira kwambiri aphunzitsi ena a pakoleji, amene ankaphunzitsa ophunzira a chaka choyamba za chuma cha dziko. Ophunzirawo anawapatsa dzina loti a Zikapanda, chifukwa mfundo yawo iliyonse inkathera pa mawu akuti, "zina zonse zikapanda kusintha." Eniake ankalidziwa dzinalo, ndipo kunena zoona linkawakomera.

M'kalasi anali katakwe, zimenezo tisawalande. Ankajambula mizere iwiri yopingasana pa bolodi n'kuigogoda ndi chala.

"Dziko losauka ngati lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsako," ankatero. "Mafuta, feteleza, mankhwala, ngakhale msomali. Ndalama zakunja zikasowa, yathu imagwa mphamvu, mitengo n'kukwera. Nthawi yotero wosunga ndalama ali ngati wotunga madzi m'dengu. Mwalemba?"

Kunyumba kunali akazi awo, atelala osoka mayunifomu a sukulu pakhonde la nyumba ya lendi. Awiriwa anadzimana zaka zisanu ndi chimodzi kuti amange yawoyawo. Makoma anali atatha, omangira dothi poti simenti inawakanika, ndipo matabwa a denga anali atakhomedwa kale. Kunangotsala malata makumi asanu ndi limodzi, ndalama zake zili m'manja, zokwanira ndendende. A Zikapanda anali atauziratu mwini nyumba kuti mvula ikamayamba adzakhala atasamuka, iyenso n'kupezeratu wina wodzalowamo.

Sabata imene ankati akagule malatawo wailesi inalengeza kuti ndalama ya dziko yatsitsidwa mphamvu.

"Bambo, mawa tilawirire kukagula malata," anatero mayiwo, phazi lili pa makina. "Ulusi wakwera lero lomwe. Zipi ndiye osanena."

A Zikapanda anamwetulira kumwetulira kuja timamwetulira ife ophunzira tikamamvera chisoni munthu wosadziwa.

"Mayi, amenewo ndi mantha a amalonda chabe. Mtengo ukadzidzimuka umalumpha kupitirira pamene uyenera kuima, kenako umabwerera. Banki yaikulu yakweza chiwongoladzanja. Anthu asiya kubwereka, ndalama zichepa pamsika, ogulitsa azichita kutinyengerera. Tiike ndalamazi kubanki miyezi itatu zibereke. Tidzagula malata n'kutsalako ya penti."

"M'dziko muno munaonapo chinthu chitakwera mtengo n'kutsikanso?"

"Tomato."

"Ndiye tifolera tomatoyo?"

"Tionetsetse kaye mmene msika ukuyendera," anatero bambowo, n'kutseka nkhani ngati mmene amatsekera phunziro belu likalira. Mayiwo anangoti, "Chabwino, ophunzira ndinu," makina n'kupitiriza kulira. M'mawa mwake ndalama zinapita kubanki.

Kuonetsetsako anakuchita mwaukatswiri. Anamata pepala lalikulu kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, najambulapo mzere wa mtengo wa malata: wokwera pang'ono, wopindika, kenako wotsetsereka bwinobwino mpaka pansi. Loweruka lililonse ankapita kusitolo ya zomangira, osati kukagula, koma kukafunsa mtengo kuti akaike kadontho papepala paja.

Mwini sitoloyo anali mayi wachitsikana amene anaphunzirapo kwa iwo, n'kulephera phunzirolo kawiri konse mpaka kusiya koleji. Loweruka loyamba anawalandira ndi manja awiri, n'kuwauza kuti ndalama zawozo tsopano zikwana malata makumi asanu ndi mphambu zinayi zokha.

"Koma malatawa si omwe aja anali pano mwezi watha?" anafunsa a Zikapanda. "Akwera bwanji ali chigonere m'sitolo?"

"Aphunzitsi, ine phunziro lanu linandikana, simunaiwale. Koma pano ndaphunzira kamodzi. Sindigulitsa pa mtengo umene ndinagulira, ndimagulitsa pa mtengo umene ndikaodere mawa. Kufakitale akuti chitsulo chaima padoko, ndalama zakunja zochiwombolera palibe. Tengani lero, ndikuchotseraniko pang'ono."

"Mwana wanga, ukuona mtengo umodzi, ine ndikuona nkhalango yonse," anayankha. Anatuluka akupukusa mutu, mumtima akuti n'chifukwa chake analephera.

Timadontho tija tinakana kutsatira mzere. Mwezi utatha, ndalamazo zinkakwana malata makumi anayi ndi asanu ndi atatu. Mafuta agalimoto anakwera, ndipo chilichonse chokwera lole chinakwera nawo. Mbewu imene dziko limagulitsa kunja inali itapsa ndi dzuwa, choncho ndalama zakunja zimene a Zikapanda ankayembekezera sizinabwere. Boma litasowa pogwira linakabwereka kubanki yaikulu yomwe ija, ndalama zimene ankati zichepa pamsika n'kuchita kusefukira. Zina zonse zija zinasintha, ndipo zinasinthira limodzi ngati zapangana. Madontho atafika pamwamba pa pepala, bambowo anamatirira pepala lina pamwamba pake, n'kunena kuti pamene mzere upindikire pangosunthira patsogolo pang'ono.

Mantha anali nawo, tisaname. Pena ankaima kuseri kwa chitseko kuja akuwerenga timadontho tija. Koma kukatenga ndalama kubanki nthawi isanakwane kukanatanthauza kutaya chiwongoladzanja, ndipo choopsa koposa, kukavomera pamaso pa telala ndi pa mwana wolephera mayeso kuti iwo ndiwo ananena zoona. Munthu wa digiri ziwiri zimenezo zimamuwawa kuposa dzino.

Mmisiri womanga anabwera yekha kudzawachenjeza, chipewa chili m'manja.

"Bwana, mitambo yayamba kusonkhana. Makoma aja ndi a dothi. Ikawapeza ali pamtunda, musadzati mmisiri anamanga zachinyengo."

"Kwatsala masabata awiri okha, amisiri. Ndikuonetsetsa kaye."

"Mvulatu siwerenga nyuzipepala, bwana."

Mvula inagwa Lachitatu masana, tsiku lomaliza la miyezi itatu ija, a Zikapanda ali m'kalasi. Inagwa yamkuntho, maola atatu osapuma. Ataweruka anathamangira kupuloti, nsapato zili m'manja, ndipo anapeza akazi awo ataima kale pamenepo, chitenje chili pamutu. Khoma lonse la chipinda chakumapeto linali litagona pansi, njerwa zili mbwee m'matope. Chinali chipinda chimene bambowo anachikonza kuti chidzakhale chowerengeramo, cha mashelefu mpaka kudenga. Mayiwo sanakalipe. Anangowayang'ana, misozi ikusakanikirana ndi madzi a mvula, ndipo bambowo analakalaka akanangotukwanidwa.

Kutacha anali woyamba pamzere wa kubanki. Ndalama zinali zitaberekadi, mpukutu unali wonenepa kuposa umene anasiya. Anaunyamula mpaka kusitolo kuja, nauika patebulo osayang'ana munthu kumaso. Mwini sitolo anawerenga, nadinadina kamakina kake.

"Makumi awiri ndi asanu ndi anayi, aphunzitsi."

"Mwati angati?" Aka kanali koyamba kumulankhula mwaulemu chotero.

"Makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Ndiwonjezerapo limodzi akwane makumi atatu, ndi misomali yomwe. Munkandiphunzitsa ndi mtima wonse, mutu wangawu ndi umene unali wouma."

Mawu amenewo anawalasa kuposa chipongwe. Ananyamula lisiti n'kuthokoza kawiri.

Za zipinda zoyenera kufoleredwa bambowo sanafunsidwe n'komwe. Akazi awo anaima ndi mmisiri n'kuloza: chipinda chogona, chipinda cha ana, ndi khonde loika makina osokera, poti ndiwo atsale akudyetsa banja. Pabalaza panatsala poyera, matabwa okhaokha. Makoma otsalawo anawaphimba pamwamba ndi mapepala apulasitiki opanikiza ndi njerwa. Mwezi utatha anasamukiramo, mabuku onse a zachuma n'kulowa m'makatoni kunsi kwa bedi.

Lolemba lotsatira, mtsikana wina wa kutsogolo anakweza dzanja m'kalasi.

"Aphunzitsi, sindinamvetse. Ngati banki ikukupatsa chiwongoladzanja, zingatheke bwanji kuti ukhale ukusauka?"

A Zikapanda anagwira choko kuti ajambule mizere yawo ija, koma dzanja linaima m'malere. M'malo mwake analemba 60, pansi pake 29.

"Munthu wina anali ndi ndalama zogula malata awa," anatero akuloza nambala yapamwamba. "Anaziika kubanki. Zinabereka ndithu, koma mitengo inkathamanga kuposa chiwongoladzanjacho. Pokazitenga zinagula awa. Musamawerenge mapepala a ndalama, muziwerenga zimene mapepalawo angagule."

"Koma munthu ameneyo sanapite kusukulu eti?" anafunsa wina kumbuyo, kalasi yonse n'kuseka.

"Anapita," anayankha. "Mpaka pano amapitabe tsiku lililonse. Mwamuona m'mawa uno akutsika basi, buluku litanyowa."

Kalasi inaphulika ndi kuseka, iwonso n'kuseka nawo mpaka kupukuta magalasi. Tsiku limenelo palibe anamva mawu akuti zikapanda kusintha.

Atafika kunyumba kunkawaza mvula yamawawa. Anadutsa pabalaza ambulera ili yotambasula, m'nyumba yawoyawo, mpaka kukafika pakhonde. Akazi awo anali akudula nsalu, ndipo pepala limene ankadulirapo linawaoneka lodziwika. Linali lija la kuseri kwa chitseko, lodulidwa bwinobwino kukhala patani ya kolala, timadontho tikuonekabe tikukwera.

"Mayi, kafukufuku wanga uja ameneyo?"

"Pepala lolimba bwino," anatero mayiwo osadzutsa mutu. "Latulutsa makolala khumi ndi awiri kale. Tikagulitsa mayunifomuwa tikagula lata limodzi. Kapena tionetsetse kaye?"

"Ayi, mayi. Ndikalinyamula ndekha pamutu."

Anapinda ambulera, nakhala pa mpando wa makasitomala, n'kuyamba kuwagwirira nsalu kuti isakhudze pansi ponyowa. Kuseri kwawo mvula inkagwera pamene panayenera kukhala mipando ya alendo. Fisi anali atalowa m'khola masanasana, mbusa wake ali pomwepo ndi pepala ndi cholembera, akulemba mmene nkhosa zikutulukira. Akale sananame: ndionetsetse anathetsa nkhosa.