Fulasiki ya Mlonda wa pa Chitsime

Tsiku lina tikutuluka m'mapemphero, mayi mnzanga anandifunsa kuti, "Kodi Mulungu akangoti zii, ndiye kuti wachokapo?" Ndimuyankhe lero ndi fanizo ili.

M'tauni ina munali mayi wogulitsa kaunjika. Mpamba wake wonse anagulira masheya m'kampani yaing'ono imene inkakumba chitsime chofufuza mafuta, n'kupatsidwa mapepala osonyeza gawo lake m'kampaniyo. Kwa miyezi inayi makina ankalira tsiku ndi tsiku. Kenaka anamva kuti kwangoti zii.

Mtima unamuwira. Benchi yake kumsika inali itauma, ana atabwezedwa kusukulu. Anakwera minibasi mpaka kuchitsimeko. Anapeza chitsime chotseka ndi chitsulo, antchito ali pamthunzi, mlonda wachikulire akumwa tiyi pageti.

"Akuba inu! Thukuta langa mukulimwera tiyi?" Anatero uku akukankha fulasiki ya mlondayo ndi phazi. Inagwera pamwala, phwaa!

Mlondayo anatola zidutswa, n'kumupatsa mpando wake. "Khalani, mayi, dzuwali likuswa mtengo. Chitsimechi achitseka dala. Amachitsegula pang'ono, n'kuchitseka masiku ambiri kuti aone ngati mphamvu ya pansi ibwerera. Wochitsegula msanga sadziwa ngati pansipo pali dziwe kapena madontho chabe."

"Nanga ana anga adya mphamvu ya pansiyo?"

Kunja kwa geti kunali bambo wa jekete amene ankadikirira anthu okwiya ngati iyeyu. "Ndigulitseni mapepala anuwo, mayi. Ndikupatsani theka la ndalama zimene munagulira, lero lomwe."

Mayiyo anatulutsa mapepala aja. Pocheuka anaona mlonda uja akupukuta tiyi pathalauza, osadandaula. Mumtima anati, "Wolondera bodza sangaleze mtima chonchi." Anabweza mapepalawo m'chikwama n'kuchoka osatsanzika, akadali wokwiya.

Anadikira masabata asanu ndi limodzi, akukazinga zitumbuwa, akunyinyirika m'mawa uliwonse. Chitsime chitatsegulidwa, mafuta anatuluka. Sanali ochuluka kwambiri ayi, koma mpamba unabwerera, ana n'kubwereranso kusukulu.

Abale anga, Mulungu akakhala chete sanachokepo. Nthawi zina amatseka dala kuti zakuya zidzaze. Ngati mwakwiya, muuzeni, amamva. Koma chikhulupiriro chanu musachigulitse pa theka kwa woima pageti. Ndipo tsiku lanu likadzafika, mudzakumbukire amene munamuswera fulasiki.

Mayi uja anakumbukira. M'mawa wina anafika pageti mlonda atapita kuseri. Anaika fulasiki yatsopano pampando paja, muli tiyi wamkaka wotentha. Sanadikire kuti amuone. Anakwera minibasi n'kubwerera kubenchi yake.