Ndani Atche Dzina Mwana wa Telala?

Kalekale, malamulo aakulu a dziko atangolembedwa kumene, anthu asanazolowere kuti pakamwa mpawo, pa boma lina panali telala dzina lake Lufeyo Chimtengo. Ankasoka pakhonde la sitolo, ndipo zandale analibe nazo ntchito. Koma tsiku lina pamsonkhano wa chitukuko anakweza dzanja nati, "Kuchipatala mankhwala kulibe, koma pamsika ali mbwee. Kodi akutulukira khomo liti?"

Anthu onse anazyolika. Dzuwa lisanalowe, Lufeyo anali m'chitokosi cha apolisi, ati wanyoza akuluakulu. Anakhala pakona atagwira tsaya, poti ankakumbukira anthu ena amene anatengedwa chomwecho zaka zam'mbuyo osabwereranso.

Mlongo wake Eneresi, wogulitsa nthochi pamsika, atamva anasiya dengu nathamangira kupolisiko. "Achimwene anga alakwanji? Tchulani mlandu wake ndiumve!" Anamuthamangitsa. M'mawa mwake anabwera ndi amayi anzake a pamsika. Sanagende, sanatukwane. Anangoyala zitenje pachipata, nakhala pansi, nayamba kuimba. Lufeyo anazindikira mawu a mlongo wake ali m'kati, misozi ili mbwembwembwe, nadziwa kuti sanaiwalike. Nthochi za Eneresi zinaolera m'dengu, koma iye pachipata sanachokepo.

Gulu litakula, mkulu wa pamalopo anaitana Sajeni Kaliwo, wapolisi wosunga makiyi. "Telalayu mukweze galimoto, kamusiye kutali kumene abale ake sangamupeze." Sajeniyo anaima njo nati, "Bwana, lamulo likuti womangidwa aonekere kukhoti pasanathe masiku awiri. Masikuwo akwana. Galimotoyi ikanyamuka ndi ine, ilowera kukhoti." Anapita nayedi kukhoti, ndipo m'njira anamugulira chimanga chootcha. Sabata isanathe, akuluakulu anamusamutsira Kaliwo kumalire a dziko, kopanda msewu, banja lake nkutsala.

Kukhoti kunali woweruza, Mayi Ndovi. M'mawa womwewo akuluakulu anali atawaimbira foni kuwakumbutsa kuti dzina lawo lili pakati pa oyenera kukwezedwa pantchito, choncho aganize bwino. Iwo anayang'ana woimba mlandu nafunsa, "Bamboyu waba?"

"Ayi."

"Wamenya munthu?"

"Ayi, koma wayankhula."

"Kufunsa funso si mlandu m'dziko muno," anatero Mayi Ndovi. "Bambo Chimtengo, pitani kwanu." Chaka chimenecho anzawo anakwezedwa, iwo anatsala pampando womwewo.

Lufeyo anatuluka ndi chimwemwe. Anabwerera pakhonde lake, koma aliyense wobwera kudzayesa malaya ankayamba wamva kaye za mlongo wake, Sajeni ndi woweruza uja. "Ine ndinali wopita," ankatero. "Anthu amenewa ndiwathokoza ndi chiyani?"

Patapita mwezi, mkazi wake Nambewe anabereka mwana wamkazi, woyamba m'banjamo. Lufeyo anati, "Mayi a mwana, chuma tilibe. Ulemu waukulu umene tili nawo ndi dzina la mwanayu. Atche dzina ndi amene anandipulumutsa."

"Ndiye alamu anga a Eneresi," anatero Nambewe. "Akanakhala chete, ndani akanadziwa kuti muli m'katimo?"

"Zoona. Koma kuimba sikutsegula loko. Sajeni akanamvera bwana wake, amayiwo akanaimbira chipinda chopanda munthu. Komanso Eneresi ndi magazi anga, pamene Kaliwo anavutikira mlendo."

"Nanga woweruza uja? Akanaopa foni ija, bwenzi Sajeni atangokutulani pakhomo la ndende."

"Ena akuti iwo anangogwira ntchito yawo," anatero Lufeyo. "Koma ndi angati amene amaigwira pamene yaika mkate wawo pamoto?"

Anakambirana mpaka mchombo wa mwana unagwa, tsiku lotuluka m'chikuta nkufika, achibale atadzaza pabwalo. Lufeyo ananyamula khandalo, mtima wodzaza kuthokoza, koma osadziwa woti amupatse, chifukwa mwana satchedwa dzina ndi anthu atatu.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni Lufeyo. Ndani atche dzina mwanayu: mlongo amene anakana kukhala chete, wapolisi amene anakana lamulo lokhota, kapena woweruza amene anakana kuopsezedwa?