Tinenenji Mumng'alu wa Thanthwe

Inu ana a masiku ano mukamva zoti kulimba mtima, mumaganiza za chimunthu cha mawu ngati ng'oma, chimene chikakuwa agalu amabisala. Aaa, mwaphonya! Tamvani za Chidothi, kenaka mundiuze ngati ndikunama.

Chidothi ankalima m'munsi mwa phiri lina la miyala yambiri. Iye ankadana ndi munthu wamantha, ndipo mankhwala ake a chilichonse anali kuopseza. Mwana akakana kusamba, ankamuuza kuti fisi ali kuseri kwa nkhokwe. Musamuseke yekha, mudzi wonse unkalera ana motero. Iye ndi mkazi wake Nangozo anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kotchedwa Tinenenji, kamene mano ake a ubwana anali asanayambe kuchoka.

Mvula yoyamba itagwa, anapita onse atatu kumunda kukabzala chimanga. Dzuwa lili pamutu kumwamba kunada bii, ndipo mphezi inang'amba mtengo wa msuku pafupi ndi pamene mwanayo ankasewera. Tinenenji analiyatsa liwiro osacheuka, nakalowa mumng'alu wa thanthwe, wopapatiza moti munthu wamkulu sakanalowetsamo ngakhale phewa. Choopsa chinali chakuti mvula ikagwa pamwamba pa phiri, madzi onse ankatsikira mumng'alu womwewo. Ndipo pamwambapo inali itayamba kale.

Anthu a m'minda yoyandikana anathamangira komweko, wina ndi nsungwi, wina ndi khasu. Chidothi anagwada pakamwa pa mng'aluwo nakuwa ndi mphamvu zake zonse.

"Tine! Tuluka msanga! Mmenemo muli nsato, ikumeza!"

Kalanga ine, mwana uja anangokwawira mkati. Bambo wake anakuwanso za fisi, za mkwapulo. Anapisa mkono nakhudza kachala ka phazi, koma phazilo linathawa.

Nangozo anamugwira paphewa, misozi ili m'masaya. "Bambo a Tine, chonde. Mukuopseza mwana woti waopa kale. Nanga inu amene mukukuwanu, taonani manja anu."

Chidothi anayang'ana manja ake. Ankanjenjemera ngati a nkhalamba m'nyengo yozizira. Pajatu, ana inu, mantha sabwera ndi nkhope imodzi. Wina amathawa, wina amangouma ngati chitsa, ndiye pali wina amene amakalipa, anthu n'kumati ndi mwamuna. Ukali wonse wa Chidothi unali mantha omwewo.

Anakhala pansi natsamira thanthwe. Timadzi tinali titayamba kale kutuluka mumng'alumo. Pafupi ndi bondo lake pankayenda nkhono, mwa zija zimatuluka ndi mvula yoyamba. Anaikhudza ndi chala mosaganiza, pomwepo inabweza tinyanga take n'kulowa m'chigoba. Ataisiya kanthawi, tinyanga tija tinatulukanso pang'onopang'ono, tili ndi timadontho takuda kunsonga. Chibadwire, bambo ameneyu anali asanaonepo maso a nkhono.

"Abale anga," anatero motsitsa mawu, "bwererani uko, nsungwizo chotsani. Pasapezeke ngakhale wotsokomola. Ine pano sindichoka popanda mwana wanga."

Anthu atasuntha, anayamba kulankhula osayang'ana n'komwe mumng'alumo, ngati akucheza pakhonde.

"Tine, mama, kuno kuli nkhono. Ine ndikuti ili ndi maso, koma ndikaiyandikira ikubisala. Chala changachi chakula kwambiri."

Madzi anawonjezeka, ofiira, ozizira, akudutsa pansi pa miyendo yake. Mtima unkamuuza kuti akuwe, aswe thanthwe ndi khasu. Iye analuma mlomo, osasuntha.

Kenaka kunamveka kamawu. "Ababa, nanga nsato ija?"

"Ndinanama, mwana wanga. Mulibe nsato. Ndimaopa basi."

"Inunso mumaopa?"

"Kwambiri. Ngakhale panopa ndikuopa, koma ndakhala pansi."

Panapitanso nthawi imene kwa Chidothi inali ngati chaka. "Masowo ali pati?" anafunsa mwanayo, ndipo mawu ake anamveka pafupi.

"Bwera udzandithandize kuyang'ana. Koma bwera bwinobwino, ingatithawe."

Kadzanja konyowa kanatulukira. Abale, apa ndiye panali nkhondo yeniyeni! Dzanja la Chidothi linafuna kukambwandira, koma ankadziwa kuti akaphonya, mwana abwerera mkati ndipo sadzatulukanso. Analipanikiza pakati pa mawondo. Unatuluka mutu, kenaka mapewa, mpaka mwana yense anagona chafufumimba pamwala, mphuno ili pafupi ndi nkhono.

"Awo! Ali kunsonga, ababa!"

Apo m'pamene anamunyamula, mofatsa, n'kumupereka kwa mayi wake. Asanayende patali anamva mkokomo kumbuyo. Chimadzi chinakhuthuka mumng'alumo chitanyamula miyala ndi zinyalala. Chidothi analira poyera, anthu onse akuona.

Anthu atamufunsa kuti anachita matsenga anji, anangoyankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mawuwo anafalikira, ndipo mpaka lero tikuwanenabe.

Tanthauzo lake ndi ili. Chinthu chobisika, kaya ndi nzeru, kaya njira yotulukira m'vuto, kaya mtima wa munthu amene wachita mantha, sichitulutsidwa ndi phuma kapena phokoso. Ukachikakamiza chimalowa mkati. Ndipo chimene chimagonjetsa mantha si ukali ayi, ndi kudekha: kukhala pansi mtima ukugunda, n'kuyang'anitsitsa chimene chili pamaso pako mpaka chioneke bwino. Choncho tsiku limene mng'ono wako adzanjenjemere ndi mantha, iwe n'kumva mawu akukwera kukhosi kuti umukalipire, uyambe wayang'ana manja ako.