Mapiko a Swiswiri

Padangokhala, chaka chija moto wolusa unanyambita phiri lonse n'kusiya phulusa lokhalokha. M'munsi mwa thanthwe lalitali munkakhala Swiswiri, kanyama kochepa kuposa mbewa, kakamwa kosongoka, pamodzi ndi mkazi wake ndi tiana tawo tiwiri. Chiwala panalibe, chiswe panalibe. Koma kutsidya kwa njira ya anthu kunali dambo lobiriwira, ndipo mphepo yochokera kumeneko inkabwera ndi fungo la ngumbi.

Tsono mtundu wa Swiswiri uli ndi tsoka lake: akaponda njira ya anthu kuti adutse, amafera pomwepo. Bambo ake anafa choncho, amalume ake chimodzimodzi.

"Bambo a ana, kamng'onoka kasiya kulira," anatero mkazi wake tsiku lina. "Mukudziwa chimene chimatsatira."

"Njira imapha woiponda," anayankha Swiswiri. "Ine sindiiponda. Ndiidutsa m'mwamba."

Koma kanyamaka kanali kochenjera moipa, sikakanayesa zimenezo ndi khosi lake. Kanatola nthenga za miimba, n'kuzimata ndi ulimbo pa timitengo, ulendo kwa Nyani.

"Odi a Nyani! Chimanga cha kudimba chija agalu akukuletsanibe?"

"Usandikumbutse, iwe."

"Agalu amalondera pansi, akuluakulu. Kumwamba kulibe galu."

Nyani anakanda mutu, m'mimba mukulira, navomera. Pamwamba pa thanthwe Swiswiri anam'manga nthengazo m'mikono ndi luzi. "Mukadumpha, kupizani mwamphamvu ngati mbalame."

Nyani anadumpha. Anakupiza, anakupiza, mikono n'kulema, thi! pamiyala. Swiswiri sanagwetse msozi. Anazungulira mtembowo akuupenda, kenako anayang'ana kumwamba kumene mphamba ankayandama mapiko ali chitambasulire, osagwedeza n'komwe.

"Ohoo," anatero. "Mikono si mapiko. Nkhani si kukupiza ayi."

Anadula bango, naluka mlaza, napanga phiko limodzi lalitali losagwedera, lokhota pamsana ngati la mphamba. Analikokera kwa Mbira, amene chiwombankhanga chinam'landa ana ake onse.

"Pepani ndi maliro, mayi. Koma mwina wina akali moyo kuchisa kuja. Mutakhala ndi mapiko, simungakam'tenge?"

Ine nkhaniyi ikafika apa imandiwawa, chifukwa mayi uja sanafunse funso ngakhale limodzi. Anangoti, "Ndimangeni." Phikolo linam'nyamuladi, nayandama pang'ono akuitana maina a ana ake. Kenako mutu unaloza pansi, chinthu chonse chinayamba kuzungulira ngati tsamba louma, mpaka pamiyala pomwe paja.

"Mchira!" anafuula Swiswiri akuvina. "Mphamba amawongolera ndi mchira!"

Kunyumba anapeza kamng'ono kaja atakakwirira kale m'phulusa.

Phiko lachitatu, lokhala ndi mchira, akulimaliza kumene, phazi lolemera linam'panikiza pansi. Anali Nkhandwe.

"Kanthu iwe, Nyani ali kuti? Mbira ali kuti?"

"Akudya kutsidya, malume. Inu mutakhuta mungabwererenso kuphulusa kuno?" Miimba inali itakonza kale pamiyala paja, mboni panalibe.

"Nanga ichi n'cha yani?"

"Cha Nguluwe. Akufuna nkhunda zija za m'khola la pamwamba pa mitengo, zimene palibe amazifikira."

"Nguluwe adye nkhunda ine ndilipo? Koma uyambe ndiwe, ndione."

"Ine? Mphepo ingangondiulutsa ngati mankhusu. Phikoli likufuna munthu wa thupi lake, wa ulemu wake."

Nkhandwe anatukumuka. Swiswiri anam'manga, nam'perekeza kumbali ya thanthwe kumene mphepo inkachokera kumbuyo. "Kuti izikukankhani, malume," anatero, ndipo apa sankanama, nayenso ankaganiza choncho. Nkhandwe anathamanga, nadumpha, koma phiko silinagwire mpweya. Anatsika ngati thumba la mchenga, akutukwana mpaka pansi.

Swiswiri anakhala pamwala akuonerera akhwangwala amene anabwera kudzadya. Aliyense pouluka ankayamba watembenukira kumene mphepo ikuchokera.

"Basi, ndamaliza sukulu," anatero. "Phiko lokhota, mchira, thupi lopepuka, mphepo kumaso."

Anapanga kake kakang'ono, nadzimanga pakati penipeni pa phiko kuti kasapendekeke. Mkazi wake anakwera naye pathanthwe, mwana mmodzi wotsala ali kumsana.

"Nanga pobwera mudzera pati?" anafunsa mkaziyo.

"Akazi inu mafunso! Wopita ndi mapiko amabwera ndi mapiko."

Anayang'ana kudambo, mphepo ikum'menya kumaso, nadumpha. Abale, kanauluka! Mphepo inalowa pansi pa phiko n'kumunyamula bwinobwino. Njira imene inapha makolo ake inadutsa pansi pake ngati kaulusi, ndipo Swiswiri anailavulira akuseka. Anatera muudzu wofewa, pafupi ndi chulu chimene ngumbi zinkatuluka ngati utsi. Anadya mpaka kukhuta, nakulunga zina m'tsamba za kunyumba.

Ndiyeno anayamba kufuna pokwera. Dambo linali lathyathyathya ngati mphasa, thanthwe kunalibe. Anakokera phiko pamwamba pa chulu, nayang'ana kwawo. Mphepo inali kumbuyo, ndipo anagwa muudzu monga anagwera Nkhandwe. Anakweranso, nayang'ana kumene mphepo ikuchokera. Inam'nyamuladi, koma kum'pititsa kutali ndi kwawo. Anayesa, anayesanso, mpaka bango linathyoka. Onse aja amene anawaponya kuchokera pathanthwe anam'phunzitsa kupita, koma palibe anabwerako kudzam'phunzitsa kubwerera.

Anayenda pansi mpaka m'mphepete mwa njira. Kutsidya kunali mkazi wake, atakhala m'phulusa, mwana ali pamiyendo.

"Ponyani ngakhale imodzi yokha, bambo a ana."

Swiswiri anaponya ndi mphamvu zake zonse. Ngumbiyo inagwera pakati pa njira. Mwana anamva fungo, napulumuka m'manja mwa mayi ake, nayamba kukwawira kumeneko.

"M'gwire! M'gwire mwanayo!"

Mayi anam'gwira mchira ali pamphepete penipeni, koma mwanayo analira kulira kumene Swiswiri sanathe kukupirira. Wochenjera uja anasowa wom'tuma. Analowa yekha m'njira akuthamanga, natola ngumbi ija pakamwa, nalunjika kwa mwana wake. Miyendo inayamba kulemera, maso anachita mdima. Anagwa chafufumimba, patangotsala kadanga kochepa koti khasu likanafikira.

Mpaka lero mukamayenda mudzapeza swiswiri atafa panjira, wopanda bala, mphuno italoza tsidya limene sanafike. Anthu opanga ndege nawonso anayamba ndi nthenga m'mikono ndi mafupa othyoka, koma iwo amasalaza bwalo konyamukira ndi kofikira komwe. Kaya anali ndi akazi amene anawafunsa za pobwera, iwo n'kumvera.