Phala la Masana mu Ramadhani

Mkati mwa mwezi wa Ramadhani, swala, pemphero la masana, itangotha, kwa Shehe Mkwanda ku Ntaja kunafika mayi wina, Abiti Disi. Anagwada kumapeto kwa khonde, padzuwa. Shehe anangokoka mkeka wawo n'kumuyalira pamthunzi, iwo n'kukhala pansi.

Atapatsana salamu, mayiyo anati, "Shehe, ndabwera ndi nkhani ya mayi anga. Nzeru zinawachokera. Ine amanditchula dzina la mng'ono wawo amene adamwalira kalekale. Sakudziwa kuti tikusala, ndiye ndikumawabisira chakudya mpaka dzuwa lilowe."

"Iwo akumatani?"

"Akumalira. Akuti ndine wouma mtima. Dzulo ndinawapeza akutafuna mpunga wosaphika." Anatsitsa mawu. "Moyo wawo wonse sanadumphitsepo tsiku losala. Ndikuopa kuti ndikawapatsa chakudya ndiwaonongera zonse kumapeto kwenikweni. Koma achimwene akuti ndikungodzivuta, mayi adachoka kale, chatsala ndi thupi. Ndiuzeni Shehe, amene ndimasambitsa m'mawa uliwonse uja ndi ndani?"

Shehe anafunsa, "Mwana akalira pakhomo, mayi anuwo amatani?"

"Amadzuka. Ngakhale akhale wa eni, amafuna amubereke."

"Nanga akamva azana, kuitanira ku swala kuja?"

"Amakokera nsalu kumutu." Abiti Disi anamwetulira pang'ono. "Nthawi zina amandikalipira kuti ndikuchedwa."

"Ndiye alipo," anatero Shehe. "Thupi lokha silikalipira munthu chifukwa cha swala. Ine za mzimu ndimadziwa zochepa, pakuti mwini wake sanatiuze zambiri. Koma ichi ndikudziwa: nzeru Allah amatibwereka kuti tisenzere malamulo ake, ndipo akazitenga, amatenganso mtolowo. Mzimu umakhalabe mpaka tsiku limene Iye adzauitane."

"Ndiye sindiwachimwitsa?"

"Kusala kumayamba ndi niya, kutsimikiza mumtima. Mayi anu angatsimikize bwanji za tsiku limene sakulidziwa? Imene mwawapatsayi ndi njala chabe, mwana wanga, si kusala."

Abiti Disi anafunda nsalu kumaso, mapewa akugwedera. Shehe anatembenukira kubwalo, ngati akuyang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pamenepo, mpaka iye atapukuta misozi.

"Nanga zaka zonse zimene anasala zija?" anafunsa. "Eni akewo sakuzikumbukira."

"Sanasungitse m'mutu mwawo, anasungitsa kwa Amene saiwala," anayankha Shehe. "Pitani mukaphike phala pompano, musadikire futari, chakudya chomasulira kusala madzulo. Muwamwetse inuyo muli ndi njala yanu. Iwo anamaliza kusala kwawo. Kwanu ndi kumeneku."